GITALA YAKALE YA BESI: KUIDZUTSA NDI KUFUNAFUNA MAU AKE

Pagulu la oimba, woimba besi ndiye amene anthu samuyang'ana kawirikawiri. Maso onse amakhala pa wotsogolera nyimbo. Koma besi ikangoti zii pakati pa nyimbo, ngakhale agogo amene sadziwa dzina la chidacho amatukula mutu, pakuti nyimboyo imakhala ngati nyumba yochotsedwa mzati.

Magitala ambiri a besi amene analira zaka makumi anai kapena asanu zapitazo lero ali gone pansi pa bedi, pamwamba pa kabati, kapena m'kachipinda kosungiramo mipando yothyoka ya kutchalitchi. Nsambo zinachita dzimbiri, m'kati munalowa mphemvu, ndipo ukailumikiza ku ampulifaya imangolira phokoso ngati njuchi. Pamenepo kholo limati, "Tayani, chinatha ntchito chimenecho." Mnyamata naye amati, "Ndipala utoto wonse, ndichotsa zonse zam'kati, ndiikamo zatsopano." Ife tikuona kuti onse awiri afulumira. Matenda ambiri a gitala yakale ndi aang'ono ndipo mankhwala ake ndi otsika mtengo. Chimene chimaononga magitala otere koposa dzimbiri ndi dzanja la munthu wokonza mothamanga, wosintha zinthu zisanu nthawi imodzi, kotero kuti pomaliza sadziwa chimene chinali cholakwika, ndiponso sadziwa chimene waononga.

Chida cha munthu wokonza mawailesi

Makutu athu anazolowera besi magetsi asanafike m'midzi yambiri. Gulu la kwela la Daniel ndi Donald Kachamba a kufupi ndi Chileka linkaimba ndi besi ya nsambo imodzi, ndipo babatoni, imene Madalitso Band yaimba nayo m'maiko ambiri, ndi mbadwa ya luso lomwelo. Besi ya magetsi inabadwira ku America. Paul Tutmarc wa ku Seattle anapanga yake m'zaka za m'ma 1930, koma inagulidwa ndi anthu owerengeka. Imene inafala padziko lonse ndi Precision Bass, imene Leo Fender anaitulutsa ku Fullerton, m'chigawo cha California, m'chaka cha 1951. Kufikira nthawi imeneyo oimba ankanyamula chibesi chachikulu choimirira, chotalika ngati munthu, chimene mau ake ankamira pakati pa ng'oma ndi malipenga.

Fender sanali woimba gitala. Anayamba ndi kukonza mawailesi, ndipo gitala yake anaipanga ndi maganizo a munthu wokonza zinthu. Khosi lake silomatidwa ndi guluu, koma limagwiridwa ndi masikuluu anai. Mawaya onse amaonekera mukangochotsa chivundikiro cha pamwamba. Ichi ndi chifukwa chake gitala ya mtundu uwu imatheka kukonzeka patebulo la m'nyumba. Mu 1960 anatulutsa inzake yotchedwa Jazz Bass, ya khosi lowondako. Mu 1965 anagulitsa kampani yake kwa CBS pamtengo wa madola 13 miliyoni, ndipo kufikira lero okonda zakale amafunitsitsa magitala amene anapangidwa chaka chimenecho chisanafike. M'zaka za m'ma 1970 mafakitale a ku Japan anapanga magitala ambiri otengera maonekedwe a Fender, pansi pa maina monga Ibanez, Greco, Aria ndi Tokai. Ena anali a matabwa wamba, koma ena anali abwino ndithu, ndipo wopeza yotere asaipeputse chifukwa cha dzina.

Yambani ndi maso

Musanagwire sikuludilaiva, dziwani chimene chili m'manja mwanu. Paul McCartney wa gulu la Beatles anagula besi ya Höfner ku Hamburg mu 1961 pamtengo wa mapaundi pafupifupi 30. Inabedwa m'galimoto ku London mu 1972, ndipo inakhala zaka zambiri m'denga la nyumba ina ku Hastings, eni nyumba osadziwa chimene akusunga. Mu February 2024 kunalengezedwa kuti yabwerera kwa mwini wake. Sitikunena kuti pansi pa bedi lanu pali chuma chotere, ayi. Tikungoti akanakhalapo mnyamata wachangu ndi sanipepa m'nyumba imeneyo, nkhani ikanatha mwa mtundu wina.

Magitala akale a Fender kawirikawiri amakhala ndi mwezi ndi chaka zolembedwa kutsinde kwa khosi, pamene limalowa m'thupi la gitala. Palinso umboni wina kuseri kwa tizitsulo topotokola tokwezera ndi kutsitsa mau, timene amisiri amatitcha pot. Pa ma pot a ku America pamakhala nambala: 137 yoyambirira imasonyeza kampani ya CTS, 304 imasonyeza ya Stackpole, ndipo manambala otsatira ndi chaka ndi sabata. Motero 1376612 itanthauza CTS, chaka cha 1966, sabata la 12. Gitala siingakhale yakale kuposa ma pot amene inabadwa nao, ngakhale kuti wina akhoza kukhala atawasintha pambuyo pake.

Jambulani zithunzi ndi foni musanamasule waya aliyense. Masikuluu muwaike m'kambale, pakuti akagwa pansi amasowa ngati singano. Potsuka thupi la gitala, kansalu kofewa konyowa pang'ono n'kokwanira. Sipiriti ndi mankhwala osungunulira penti asayandikire, chifukwa utoto wa magitala a Fender a zaka za m'ma 1950 ndi mbali yaikulu ya m'ma 1960 unali wa nitrocellulose, umene umasungunuka msanga. Ming'alu ya utoto ndi malo operepeseka pamene pankatsamira mkono si matenda, ndipo siziononga mau. Gitala yakale yopakidwanso utoto imatsika mtengo kwambiri, ndipo utoto woyambawo sungabwezedwe.

Khosi

Tsono imbani gitalayo isanalumikizidwe ku magetsi. Ikani khutu pathupi lake. Ngati nsambo ikulira bwino ndi kupitiriza kunjenjemera, mtengo uli moyo. Ngati ikungoti phwa nkuleka, kapena ikukhudza zitsulo nkumachita phokoso, vuto lili pa khosi, pa nsambo kapena pa bridge, chitsulo chija chimene nsambo zimakhalapo kumunsi. Zimenezi sizingachiritsidwe ndi mawaya atsopano.

Nsambo zinai za besi zikamangidwa bwino zimakoka khosi ndi mphamvu yoposa makilogalamu 70, usana ndi usiku, chaka ndi chaka. Kuti khosi lisagonje, m'kati mwake munaikidwa ndodo yachitsulo yotchedwa truss rod, imene imakokera kumbuyo. Mtengo umamwa chinyezi nthawi ya dzinja nufufuma, ndipo umauma m'mwezi wa October nufota, chotero khosi limene linali bwino mu January likhoza kukhala lopindika pofika nthawi ya chilimwe. Kuyeza kwake n'kosavuta. Pa khosi pali tizitsulo topingasa totchedwa fret. Dinikizani nsambo yaikulu pa fret yoyamba ndi pa yotsiriza nthawi imodzi (apa mng'ono wanu akhoza kukubwerekani chala), ndipo yang'anani mpata wa pakati pa nsambo ndi fret ya 8. Mpata woyenera ndi pafupifupi mamilimita 0.3, ngati kuchindikala kwa kakhadi ka pepala lolimba. Ukakula, khosi lagonja ndipo ndodo ifunika kumangitsa. Ukasoweratu, ndodo yamangika kwambiri.

Apa ndi pamene magitala ambiri amafera. Ndodo imene yakhala zaka makumi atatu osatembenuzidwa imalimba ndi dzimbiri, ndipo munthu wamphamvu akaikakamiza imaduka m'kati mwa mtengo. Yambani mwamasula nsambo. Tembenuzani nati ya ndodoyo kumbali yomasula poyamba, kuti muone ngati ikuyenda, ndipo kadontho kamodzi ka mafuta a makina osokera pamazinga ake kamathandiza. Pomangitsa musapitirire gawo limodzi mwa magawo anai a kuzungulira kumodzi. Mangani nsambo, siyani gitala igone, muyezenso m'mawa mwake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ikakana kuyenda, kapena khosi likakhala lopotoka ngati chingwe, lekani ndipo funani mmisiri wodziwa magitala.

Khosi likawongoka, konzani kutalikira kwa nsambo pa bridge: pafupifupi mamilimita 2.4 pakati pa nsambo yaikulu ndi fret ya 17, ndi kucheperapo pang'ono ku nsambo yaing'ono. Malo amene phokoso la kukhudza likumvekera amakuuzani kumene kuli vuto. Likamveka pa ma fret oyambirira okha, khosi lawongoka mopitirira. Likamveka kumtunda kokha, nsambo zatsika kwambiri pa bridge. Likamveka pa fret imodzi yokha, fret yotsatira yatukuka ndipo ifunika kukhomeredwa. Likamveka pamene simunadinikize paliponse, kafupa kogwira nsambo kumutu kwa khosi kanadyeka.

Palinso chinthu chimodzi chimene chimazunguza anthu. Pa magitala ambiri a mtundu wa Fender, nsambo yaing'ono ya G ili ndi malo pakati pa fret ya 5 ndi ya 7 pamene liu limafa msanga kuposa anzake. Chifukwa chake n'chakuti khosi lenilenilo limanjenjemera pa liu limenelo nilanda mphamvu ya nsambo. Ndi chibadwa cha gitala, ndipo ngakhale zodula zili nacho. Kachitsulo kolemera kopanidwa kumutu kwa khosi kamasunthirako malowo pena, koma musaonongepo ndalama.

Nsambo, ndi funso la mau amene mukufuna

Palibe chimene chimasintha mau a besi kuposa nsambo. Zili za mitundu iwiri yaikulu. Zina zimakulungidwa ndi waya wafulati, n'zosalala pogwira, ndipo mau ake ndi akuya ndi ofatsa. Zimatchedwa flatwound, ndipo ndi zimene magitala oyambirira ankabwera nazo. Zina zimakulungidwa ndi waya woburungira, n'zokhakhala, ndipo mau ake ndi owala ngati a piyano. Zimatchedwa roundwound, ndipo zinatchuka kuyambira mu 1966 pamene kampani ya Rotosound ya ku England inagwirizana ndi John Entwistle wa gulu la The Who.

James Jamerson, amene anaimba besi m'nyimbo zambirimbiri za Motown ku Detroit, ankaimba Precision ya 1962 ndi nsambo zosalala zimene sankazisintha pokhapokha itaduka, ndipo pansi pa chivundikiro cha bridge panali kasiponji kogwira nsambo kuti zisalire nthawi yaitali. Mnyamata wa lero atapatsidwa gitala imeneyo akanati yafa mau. Komatu mau amenewo ndi amene anthu akhala akuwafunafuna kwa zaka zoposa makumi asanu. Chotero musananene kuti gitala yanu ikulira mogonthera, dzifunseni ngati imeneyo ndi nthenda kapena ndi khalidwe lake. Kwa kwaya kapena gulu loimba m'nyumba ya makoma a njerwa ndi denga la malata, mmene mau amabwerera kwambiri, ife timakonda nsambo zosalala, chifukwa sizilimbana ndi mau a anthu ndipo zimakhala zaka zambiri.

Nsambo za dzimbiri zokha ndizo zoyenera kutaya, pakuti zimadya ma fret ndi kucheka zala. Zimene zangodzala thukuta ndi litsiro oimba ena amaziwiritsa m'madzi kwa mphindi zingapo ndi kuziumitsa bwino. Zimawalanso kwa kanthawi, ngakhale kuti sizibwerera ku utsopano. Mutaika nsambo, yerekezani liu la nsambo yosadinikiza ndi la pa fret ya 12. Likakwera pa 12, sunthirani kumbuyo kachitsulo ka pa bridge kuti nsambo italike. Likatsika, kasunthireni kutsogolo.

Njira ya magetsi

Pansi pa nsambo pali pickup, ndiko kuti maginito okulungidwa ndi waya wa mkuwa woonda ngati tsitsi, wozunguliridwa kambirimbiri, kufika zikwi zingapo. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginito, m'wayamo mumabadwa magetsi ochepa kwambiri. Magetsiwo amadutsa pa pot yokwezera mau ndi pa pot ya tone, natulukira pa bowo lolowetsamo chingwe, napita ku ampulifaya. M'magitala akale a mtundu uwu mulibe batire.

Pofufuza vuto, yambani ndi chimene chili chotsika mtengo. Bwerekani chingwe china. Yesani ampulifaya ina. Anthu ambiri anang'amba gitala yabwinobwino chifukwa cha chingwe choduka m'kati. Kenaka onani bowo la chingwe: limachita dzimbiri, ndipo kachitsulo kake kogwira kamafooka. Kulipukuta ndi kukhotetsa pang'ono kachitsuloko kumathetsa mau odukaduka. Ma pot akamakhwekhwereza powatembenuza, ndi fumbi. Athireni mankhwala opopera otsukira zida za magetsi, amene okonza mawailesi amakhala nao, ndi kuwatembenuza kangapo. Mafuta ophikira kapena palafini sizilowa m'menemo.

Kenaka bwerekani mita yoyezera magetsi. Lowetsani chingwe m'gitala, kwezani mau mpaka pamapeto, ndipo yezani pakati pa nsonga ndi thupi la pulagi ya mbali inayo. Precision yabwino imasonyeza ma ohm pafupifupi 10,000 kapena 11,000. Pickup imodzi ya Jazz Bass imasonyeza cha m'ma 7,000 kapena 8,000. Mita ikasonyeza ziro, pali mawaya amene akukhudzana. Ikasonyeza cha m'ma 250,000, imene ndi nambala ya pot yokha, ndiye kuti njira ya pickup yaduka penapake. Pickup yoduka waya nthawi zina imalirabe, koma mau ake ndi oonda, opanda kuya konse. Yang'anani pamene kawaya koondako kanawotchereredwa ndi mtovu, chifukwa kawirikawiri kamadukira pomwepo, ndipo kutenthetsanso mtovuwo kumakwanira. Ngati kaduka m'kati, pickup yakale imatheka kukulungidwanso ndi mmisiri.

Nthenda ina ndi yochititsa kaso chifukwa cha kuchepa kwake. Pickup za Fender zimakhala pa kasiponji kamene kamazikankhira m'mwamba. Patapita zaka kasiponjiko kamavunda, pickup nimira, ndipo mau amafooka. Kasiponji katsopano kodulidwa ndi lumo kamabweza zonse. Mutadinikiza nsambo pa fret yotsiriza, mpata wa pakati pa nsambo yaikulu ndi maginito ukhale pafupifupi mamilimita 3. Mukayandikiza kwambiri, maginito amakoka nsambo ndipo liu limagwedezeka ngati la woledzera. Ngati gitala ili ndi ma pickup awiri, iliyonse ikulira bwino payokha koma pamodzi zikulira moonda, wina anasinthanitsa mawaya a imodzi. Abwezereni.

Pa pot ya tone pamakhala kanthu kakang'ono kotchedwa capacitor. Sikaonjezera kuya kwa mau monga ambiri amaganizira. Ntchito yake ndi kutaya mau owala pamene mukutsitsa tone. Magitala oyambirira a Precision anali ndi ya 0.1 microfarad, imene imadetsa mau kwambiri, ndipo ambiri a pambuyo pake ali ndi ya 0.05 kapena 0.047. Alipo amalonda pa intaneti amene amagulitsa ma capacitor akale pamtengo wa thumba la ufa, namalonjeza zodabwitsa. Ife sitikhulupirira malonda amenewo. Chimene khutu limamva ndi nambala yake. Chilichonse chimene mwachotsa, ngakhale waya wakufa, chisungeni m'kathumba pamodzi ndi gitala.

Kung'ung'udza, ndi ngozi imene ili kuseri kwake

Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavoti 230, ndipo amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi. Pickup imatola kusinthasintha kumeneko monga wailesi imatolera siteshoni, ndipo ndiko kung'ung'udza kumene mumamva. Mu 1957 Fender anagawa pickup ya Precision pawiri, mbali ziwirizo nazikulunga mosemphana kuti phokosolo lizifafanizika lokha. Jazz Bass imachita chimodzimodzi pokhapokha ma pickup onse awiri atakwezedwa mofanana. Mukatsitsa imodzi, kung'ung'udza pang'ono n'kwachibadwa.

Dzanja lanu ndi chida choyezera. Kung'ung'udza kukachepa mukagwira nsambo, mawaya ali bwino, koma m'bowo mmene amakhala mufunika kuyalamo pepala la mkuwa kapena la aluminiyamu lolumikizidwa ku thupi la pot, kuti litchinge phokoso la kunja. Kukapanda kusintha konse, kawaya kochokera pansi pa bridge kanaduka kapena sikakukhudza chitsulo. Kukakula mukagwira, mawaya awiri a pa bowo la chingwe anasinthanitsidwa. Machaja a foni, mababu ena ndi jeneleta nazonso zimabweretsa phokoso, choncho yesani kuzimitsa chimodzichimodzi musanaimbe mlandu gitala.

Makolo anzathu, pano tikulankhula ndi inu makamaka. Kawaya ka pansi pa bridge kaja kamalumikiza nsambo ku thupi lachitsulo la ampulifaya. Ndiko kuti mwana wanu akagwira nsambo, wagwira ampulifaya. Ngati ampulifayayo ili ndi vuto m'kati ndipo phazi lachitatu la pulagi, lotaya magetsi kunthaka, linachotsedwa, magetsiwo adzadutsa m'thupi mwake, makamaka akakhudza maikolofoni ndi milomo kapena akaponda simenti yonyowa wopanda nsapato. Les Harvey wa gulu la Stone the Crows anafa pamaso pa anthu ku Swansea mu 1972 atagwira maikolofoni ya magetsi olakwika. Keith Relf, amene anali woimba wa Yardbirds, anafa kunyumba kwake mu 1976 akuimba gitala ya magetsi. Chizolowezi cholowetsa mawaya opanda pulagi m'soketi ndi kuwapanikiza ndi timitengo ta machesi n'choopsa pa chida chilichonse, koma pa gitala n'choopsa koposa. Woimba akamva kuluma pang'ono pa zala kapena pamilomo, azimitse pomwepo. Ampulifaya yochokera ku America ndi ya mavoti 120 ndipo imapsa ikalowetsedwa mwachindunji m'soketi yathu. Yakale ya ma valve imasunga mavoti mazana angapo m'kati mwake ngakhale itazimitsidwa ndi kuzulidwa kukhoma. Mnyamata akonze gitala mmene angathere, koma m'mimba mwa ampulifaya mulowe dzanja la mmisiri wa magetsi yekha.

Sipika ndi zala

Zonsezi zitakonzeka, gitala ikhoza kulirabe moipa chifukwa cha kumene mau akutulukira. Nsambo yaikulu ya E imanjenjemera maulendo 41 okha pa sekondi, ndipo kuti liu lakuya chotero limveke, sipika iyenera kukankha mpweya wambiri. Sipika ya wailesi kapena ya gitala yaing'ono siingathe, ndipo mukaikakamiza imang'ambika. Mau ophwerera ngati a pepala pa nsambo zazikulu zokha kawirikawiri amasonyeza sipika yong'ambika kapena masikuluu a bokosi omasuka. Bokosi likaikidwa pangodya ya chipinda kuya kumachuluka mpaka maliu onse amasokonezeka, litulutseniko pang'ono. Ndipo besi ikamamira pakati pa oimba, musathamangire kukweza mau akuya pa ampulifaya. Kwezani apakati, pakuti ndiwo amene amathandiza khutu kusiyanitsa liu ndi linzake.

Zala nazonso zili ndi gawo lao. Kodolani nsambo pafupi ndi bridge, mudzamva mau olimba ndi owala. Kodolani pafupi ndi khosi, mudzamva onenepa ndi ofewa. Mukatha kuimba pukutani nsambo ndi kansalu kouma, ndipo gitala isatsamire khoma lonyowa nthawi ya mvula kapena kusiyidwa m'galimoto yotsekedwa padzuwa. M'chikwama chake muikemo kapepala kolembapo tsiku, miyezo ya khosi ndi ya pickup, ndi zonse zimene munasintha. Mpata uja wa pa fret ya 8 muuyezenso kawiri pachaka, mvula ikakhazikika mu January ndiponso kukauma mu October.